Maliro asanathe achibale ayamba kale kufunsa makiyi: mmene mungatetezere chuma cha masiye popanda kutaya ulemu

Tsiku limene tinaika alamu anga, achemwali anali m'nyumba ya siwa atakhala pamphasa, duku lafika kumaso, mawu atatheratu ndi kulira. Panja anthu anali asanamalize nkomwe kudya nsima yochokera kumanda. Nde kunalowa bambo wina wa kuchimuna, anagwada bwinobwino mwaulemu wake, nkunena motsitsa kuti "alamu, makiyi a galimoto aja ndi a kuchipinda tipatseni tikusungireni, panopa mutu wanu sunakhazikike". Achemwali anamasula pansonga ya chitenje nkupereka. Sanafunse olo funso limodzi, ndipo ife tonse tinali mmenemo, azimayi odzaza chipinda, palibe anatsegula pakamwa.

Patadutsa miyezi ndinawafunsa kuti achemwali makiyi aja munaperekeranji, anandiyankha kuti "ndikanakana bwenzi akuti ndinamupha ndine kuti nditsale ndi chuma". Yankho limeneli limandiwawa mpaka lero, ndipo ndi limene landipangitsa kulemba izi, chifukwa achemwali lamulo anali atamvapo pawailesi, sukulu anapita, chimene chinawamanga pakamwa tsiku limene lija chinali mtima, manyazi ndi mantha amene tonsefe tinakula nawo.

Chisoni aliyense amamva, koma mmene timachionetsera timachita kuphunzira pamaliro amene takhala tikupita kuyambira tili ana. Mkazi wofedwa alire mokweza, akhale pansi, asadzuke dzuke, asatchule za katundu. Mwamuna alimbe mtima, akhale panja pamoto ndi azibambo anzake, ayendetse mwambo. Nde taonani mmene zimakhalira, munthu amene mwambo wamuuza kuti akhale chete ndi yemweyo amene lamulo lamuika patsogolo pa chumacho, pomwe amene mwambo wamupatsa pakamwa nthawi zambiri lamulo silimutchula nkomwe. Katundu wambiri wa ana amasiye amatha mmasiku ochepa amenewa, pamene mwini wake sangayankhule.

Yambani ndi kudziwa chimene chikukumangani pakamwa

Ine ndimaona zinthu zitatu. Choyamba manyazi, kuopa kuti anthu anena kuti "mayi uja mwamuna wake asanazizire nkomwe wayamba kale za chuma". Chachiwiri mantha, ena amaopa kunenedwa ufiti, ena amaopa kulodzedwa akalimbana ndi akuchimuna, ena amaopa kuti akakana sawasudzula ndiye akhala omangika. Chachitatu ulemu weniweni, uja tinaphunzitsidwa kuti apongozi sayankhidwa, sayang'anidwa kumaso, ukakumana nawo panjira umapatuka. Zitatu zonsezi sizopusa ayi, ndipo sindikuti muzitaye. Ndikuti muzizindikire zikabwera, kuti mukamva lilime likulemera mudziwe kuti awa ndi manyazi, si umboni woti mulibe ufulu.

Pa nkhani ya ufiti ija dziwani ichi, lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amene akuimirira pagulu nkumati "mwana wathu munamudya ndinu" ndi amene akuphwanya lamulo, osati inu.

Komanso mumve mtima wa mbali inayo, izi zikuthandizani kwambiri pokambirana. Ambiri amene amanyamula katundu sadziona ngati mbava. Pali mayi wachikulire amene anagulitsa mtedza ndi mbuzi kuti mwana wake aphunzire, mwanayo ndi amene amatumiza ya feteleza chaka ndi chaka, lero wapita, mayiyo akayang'ana nyumba ya mtauni amaona thukuta lake, akayang'ana mpongozi amaona mlendo. Pachikhalidwe cha chikamwini kale chuma cha mwamuna chimabwerera ku mbumba yake, kwa ana a mlongo wake, chifukwa ana ake obereka amawerengedwa a kwa mayi awo ndipo wowayang'anira anali malume awo. Kumene amapereka lobola monga madera ambiri a kumpoto ana ndi katundu amawerengedwa a kuchimuna. Nde mkwiyo wawo nawonso anachita kuphunzitsidwa, mumtima mwawo amamva kuti chilungamo chili mbali yawo. Mukayamba ndi kuwatchula akuba, zokambirana zathera pompo.

Lamulo likuti chani

Lamulo lalikulu la dziko lino la 1994, ndime 24, linachita kutchula kulanda azimayi katundu, kuphatikiza wa masiye, ngati limodzi mwa makhalidwe oyenera kuthetsedwa. Kenako mu 2011 kunabwera lamulo la chuma cha masiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, kulowa mmalo mwa lamulo lakale la 1967. Mfundo zake zofunika kuzisunga pamtima ndi izi.

Palibenso amene angatenge chuma cha malemu ponena kuti "pamwambo wathu ndine wolowa". Ngati malemu anasiya wilo, zimatsata wiloyo. Ngati sanasiye, oyamba ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo ana apa ndi onse, a m'banja, a kunja, ngakhale amene ali m'mimba. Kenako pali amene amadalira malemu pa nthawi imene amamwalira, monga makolo ake amene amawasamala, kapena mwana wamng'ono amene amamulipirira fizi. Mwaona, apongozi aja lamulo silinawaiwale, gawo lawo lilipo ngati amadaliradi mwana wawo. Amene lamulo silikuwawerengera pamene mkazi ndi ana alipo ndi achimwene a malemu, malume, asuweni, amene ali ndi ntchito zawo ndi mabanja awo koma amafika ndi lole.

Katundu wa m'nyumba, bedi, mipando, mapoto, mbale, zimene banja limagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, zimatsala ndi wamasiyeyo. Pogawa zotsalazo amayang'ana kuti wina asagwe m'mavuto, amayang'ana zimene malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika, zimene mkazi kapena mwana anaikapo pa bizinesi kapena pa nyumba, komanso msinkhu wa ana, wamng'ono amayenera kulandira zochulukirapo chifukwa ulendo wake ukadali wautali. Ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka 10, khothi nkulamulanso kuti abweze katunduyo kapena mtengo wake.

Ena amaopsezedwa kuti "inu ukwati wanu sunali wa ku tchalitchi". Lamulo la mabanja la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ngakhalenso anthu amene akhala limodzi ngati banja zaka zosachepera 5, ngakhale kuti umenewu amayenera kuutsimikiza ndi a khothi. Nde ankhoswe anu muwasunge pafupi, ndi mboni zanu amenewo.

Munda wa makolo nkhani yake imavutirapo, imadutsa kwa mafumu ndi malamulo a za malo a 2016, imeneyo musaiphatikize ndi ya mipando ndi galimoto, ipatseni tsiku lakelake.

Masiku a maliro enieniwo

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Inu namfedwa ntchito yanu ndi kulira, lirani ndithu, munthu wanu wapita. Musadzikakamize kukhala loya pamphasa ya siwa, simungathe ndipo simuyenera. Chimene mungachite ndi chimodzi, uthenga ukangomveka itanani munthu mmodzi wa kwanu amene mumamukhulupirira, kaya ndi nkhoswe wanu, kaya malume, kaya achemwali aakulu amene saopa anthu koma sapsa mtima msanga, mumuuze kuti "za katundu zonse aziyankha ndinu". Chikhalidwe chathu chomwechi chimalola zimenezi, kuyambira kale namfedwa sadziyankhulira yekha, amakhala ndi womuyankhulira. Nde gwiritsani ntchito mwambo womwewo. Ife tinalakwitsa pomwepa, aliyense amaganiza kuti wina ayankha.

Munthu ameneyo ntchito yake yoyamba ndi mapepala. Chiphaso cha unzika cha malemu, setifiketi ya ukwati ngati ilipo, makadi a kubanki, buluu buku ya galimoto, mapepala a nyumba kapena a puloti, ma risiti a katundu wamkulu, makalata a kuntchito, ziphaso zobadwira ana, foni ya malemu ndi simu yake chifukwa masiku ano ndalama zambiri zimagona pa Airtel Money ndi Mpamba. Zonsezi zichoke m'nyumba ya maliro zikasungidwe kwina, chifukwa pamaliro chitseko chimakhala chotsekula usiku wonse ndipo anthu amalowa kuchipinda ati akufuna suti yoveka malemu. Azijambulenso pafoni tsamba ndi tsamba nkutumizira munthu wachiwiri pa WhatsApp.

Ntchito yachiwiri, kulemba katundu yense mu kope. Izi zisachitike mobisa ayi, mukabisa mwawapatsa chonena. Aitane mmodzi wa kuchimuna, mmodzi wa kuchikazi, ndi munthu wapadera monga mkulu wampingo kapena nthumwi ya amfumu, ayende chipinda ndi chipinda, firiji imodzi, TV imodzi, matumba a chimanga angapo, njinga, mashini osokera, mbuzi kukhola, alembe tsiku, onse asaine, aliyense ajambule tsambalo. Mawu ake oyambira ndi osavuta, "tilembe kuti pasasowe kanthu, anthu achuluka pakhomo pano". Palibe angakane mawu amenewa popanda kudziulula. Chipepeso nachonso chilembedwe, amene wapereka ndi ndalama zake, ndi zimene zagulidwa, chifukwa mikangano yambiri imayambira pa ndalama ya chipepeso isanafike nkomwe pa nyumba.

Nanga akabwera kudzapempha makiyi ngati mmene anachitira kwa achemwali? Simuyenera kukana mwamwano, simuyeneranso kupereka. Yankho ndi lakuti "zikomo alamu poganiza zimenezo, makiyi ali ndi malume, tikambirana tonse mwambo ukatha". Basi. Mubwereze mawu omwewo kwa aliyense, olo afunse kasanu. Mulibe chipongwe mmenemo, mwangosuntha nkhani kuichotsa pa tsiku limene mulibe mphamvu kuipititsa tsiku limene mudzakhale mutadya, mutagona, anthu anu ali pambali panu.

Chinthu china, musatenge khadi la malemu nkukatapa ndalama kubanki olo pini mukuidziwa, ndipo musalole wina kutero. Ndikudziwa pamaliro ndalama imafunika, bokosi, transipoti, ndiwo, koma mawa adzakunenani ndinu kuti munayamba kudya chuma musanagawane. Banki idziwitsidwe za imfayo, ndalama zikhale mpaka mapepala oyendetsera chuma atuluke.

Msonkhano wa banja

Maliro akaikidwa, mmawa mwake kapena patapita masiku, pamakhala kukumana kwa akuchimuna ndi akuchikazi, kwina amachita pa tsiku lometa, kwina posesa. Apa ndi pamene mawu athu aulemu amatipweteka. Mkazi wofedwa akafunsidwa maganizo ake amati "ine ndilibe mawu, zili kwa inu akuluakulu". Tonse timadziwa kuti mawu amenewa sakutanthauza kuti wavomera, ndi kudzichepetsa chabe, koma anthu adzawagwiritsa ntchito, adzati "tinamufunsa pagulu anavomera yekha". Nde mawu amenewa asatuluke. Ngati simungathe kuyankhula nenani kuti "mtima wanga sunakhazikike, sindinganene kanthu lero, andiyankhulira malume".

Musasaine pepala lililonse tsiku limenelo. Olo akuuzeni kuti ndi longosonyeza kuti munalipo. Pemphani kopi, mukawerenge kunyumba ndi munthu wina.

Wokuyankhulirani ayambe ndi apongozi, osati ndi lamulo. Anene poyera kuti amayi awa amadalira mwana wawo ndipo gawo lawo lilipo, palibe akufuna kuwataya, zidzukulu zawo zizibwerabe kudzawaona. Ndaona nkhope zikumasuka pongomva zimenezi, chifukwa mantha a mayi wachikulire uja ndi oti waiwalika basi. Zovala za malemu, chipewa, ndodo, baibulo lake, zinthu zokumbukira, apatseni achibale ndi mtima woyera, zimenezo zimatonthoza ndipo sizisaukitsa ana. Akatero ndi pamene anene kuti nyumba, galimoto, ndalama za kubanki ndi za kuntchito sitingagawane pano pamphasa, lamulo silitilola tonsefe, zikuyenera kudutsa kwa DC. Mawu oti "silitilola tonsefe" ndi ofunika, akuchotsa nkhaniyo pakati pa inu ndi iwo, palibe amene wachititsidwa manyazi pagulu. Munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi pamaso pa mbumba yake amalimbikira cholakwika chomwecho kuti asaoneke wogonja.

Kusudzula ngati mukukufuna chitani, ambiri mtima umakhala pansi akasudzulidwa ndipo palibe cholakwika. Koma kusakhale msika, zoti "tikusudzulani mukapereka buluu buku" ayi. Ndipo miyambo yokakamiza wamasiye kugona ndi munthu, kaya kulowa kufa kaya chokolo chokakamiza, Gender Equality Act ya 2013 inaletsa miyambo yovulaza ngati imeneyi, palibe mfumu kapena mkulu wa banja angakukakamizeni.

Mapepala a boma

Izi ndidutsa mwachangu. Pezani setifiketi ya imfa ku National Registration Bureau, maofesi awo ali kwa DC, mutenge kalata ya kuchipatala ngati anamwalirira kumeneko kapena umboni wa amfumu ngati anamwalirira kunyumba. Kenako pitani ku ofesi ya DC kapena ya Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye, mukalembetse chuma cha malemu ndi mayina a onse oyenera kulandira, ana onse, osabisa wa kunja olo mtima ukuwawa bwanji, chifukwa mukabisa zidzaululika ndipo mudzaoneka wabodza pa zina zonse. Woyendetsa chuma amayenera kukhala ndi chilolezo cha khothi, letters of administration, popanda chimenecho palibe ali ndi mphamvu yogulitsa nyumba kapena galimoto. Kuntchito kwa malemu pitani nokha msanga mukadzionetse, mufunse za penshoni ndi mayina amene malemu analemba pa fomu, musatume alamu. Kulikonse kumene mwapita lembani tsiku ndi dzina la amene mwayankhula naye. Ngati ofesi ya boma ikungokuzungulitsani miyezi ndi miyezi, dandaulo lotere limapita kwa Ombudsman.

Akanyamulabe katundu

Pali mabanja ena olo muyankhule mokoma bwanji lole imabwerabe. Musagwirane nawo, musatukwane, musagone kutsogolo kwa galimoto, jambulani, lembani nambala ya galimotoyo, lembani zimene zatengedwa ndi amene analipo. Mkwiyo wanu ndi woyenera, koma mukamenya munthu mlandu umatembenuka, mawa wokayankha ku polisi ndinu.

Apa pamabwera kulemera kwina, akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, wolanda katunduyo ndi bambo aang'ono a ana anu, magazi amodzi, nde mtima umati ndikamutengera ku polisi ana anga adzakhala opanda abale. Anthu adzakuuzaninso kuti chibale ndi fupa sichiola. Zoona sichiola, koma chibale chimenecho chikuyenera kugwiranso ntchito kwa ana amene atsala opanda bedi. Mukayamba kudziona ngati wankhanza, werengani fizi ya temu ikubwerayi.

Yambani kwa amfumu ngati mukuona kuti amva, ambiri masiku ano lamuloli akulidziwa, ndipo wachibale amabweza mosavuta pabwalo la mfumu kusiyana ndi pamaso pa wapolisi. Zikakanika pitani ku polisi mufunse Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, nthawi zambiri amayamba ndi kuitanitsa mbali zonse kuti mukambirane. Mutenge kope lija, zithunzi, setifiketi ya imfa ndi mboni imodzi. Ngati mulibe ndalama ya loya kuli Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi yoimira anthu osowa, kulinso mabungwe monga Women Lawyers Association ndi WLSA (Women and Law in Southern Africa) amene nkhani za chuma cha masiye akhala akuzigwira kwa zaka. Musapite nokha, tengani munthu, pamalo ngati amenewa munthu wachisoni amaiwala theka la zimene amafuna kunena.

Mukafika kukhothi

Khothi lili ndi chikhalidwe chakenso, ndipo chimasemphana ndi chathu pa zinthu zingapo. Ife tinaphunzira kuti nkhani yolemera umaizungulira, umayamba ndi kutali, sutchula munthu wamkulu dzina, umayang'ana pansi. Kukhothi amafuna dzina, tsiku, chinthu. Mukati "anthu ena anabwera nkutenga tina ndi tina" majisitireti alibe cholemba. Nenani kuti pa tsiku lakuti, alamu anga akuti akuti anabwera ndi galimoto, anatenga firiji, mashini osokera ndi matumba a chimanga, analipo ndi akuti. Kutchula dzina la apongozi kapena alamu pamalo amenewa si mwano, ndi umboni. Yeserani kunyumba ndi munthu wanu kawiri katatu mpaka lilime lizolowere, chifukwa ndikukuuzani likafika tsikulo iwo atakhala potero akukuyang'anani, thupi lonse limafuna kugwada.

Yankhulani Chichewa kapena chiyankhulo chanu, womasulira amakhalapo, musavutike ndi Chingerezi kuti muoneke ophunzira. Koma pewani mikuluwiko ndi zining'a, zimasochera pomasulira. Funso ngati simunalimve nenani kuti sindinamve, musangoti "eya" chifukwa cha ulemu, "eya" wathu uja wongosonyeza kuti ndikumvetsera amalembedwa ngati kuvomera. Chimene simukukumbukira nenani kuti sindikukumbukira, osapeka. Misozi ikabwera isiyeni ibwere, pemphani kamphindi mupume, palibe amene amaluza mlandu chifukwa cholira. Ndipo ngati misozi sikubwera musadzikakamize, kumudzi mkazi wosalira amamukayikira koma khothi likufuna kope lanu lija ndi mboni.

Loya kapena wachibale wa mbali inayo akhoza kufunsa zokupsetsani mtima dala, za khalidwe lanu, zoti muli ndi chibwenzi, zoti mukufuna kukwatiwanso. Yankhani mwachidule mukuyang'ana kwa majisitireti. Kukwatiwanso sikukulandani zimene munalandira pa chuma cha malemu, kupatula katundu wokhala pa malo a makolo amene amapita kwa ana.

Za kukhululuka

Mlandu ukangoyamba kutentha kumabwera nthumwi, pena akulu ampingo, pena azakhali, mawu ake amakhala oti "mwana wanga khululuka, siya m'manja mwa Mulungu, malemu sangagone bwino mukamakokana chonchi". Mawu amenewa amalowa mkati kwambiri chifukwa ndi zimene timakhulupirira, ndipo ambiri amakatseketsa mlandu pomwepa katundu asanabwerere. Ine ndimakhulupirira kukhululuka, achemwali anakhululuka ndipo lero ana amapita kwa agogo awo pa holide. Koma anakhululuka galimoto itabwerera pakhomo. Pepani sapoletsa chilonda. Pabwalo la makolo athu lomwe wolakwa samangopepesa pakamwa, amabwera ndi nkhuku kapena mbuzi, kubweza kumayamba kenako kugwirana chanza, nde amene akukuuzani kuti mukhululuke chimanjamanja sakutsata olo mwambo umene akuutchulawo.

Muwayankhe mwaulemu kuti "ndamva abusa, mtima wanga ulibe chidani, katundu wa ana akabwera nkhani yatha". Mukagwirizana kuti abweza, zilembedwe, chinthu chilichonse ndi tsiku lobweza, asaine pamaso pa amfumu kapena a Victim Support, ndipo mlandu musautseke tsikulo lisanakwane.

Azibambo nkhaniyi ndi yanunso

Mkamwini amene wamanga nyumba ya malata kwawo kwa mkazi, mkazi akamwalira pena amauzidwa kuti nyamukani muzipita kwanu, amachoka ndi kachikwama, ana nkutsala. Iyeyu manyazi ake ndi ena, mwamuna salira, mwamuna sakadandaula kuti andilanda mapoto, anzake amuseka. Lamulo la 2011 likunena za wamasiye aliyense, mwamuna kapena mkazi, nde zonse ndalemba pamwambazi abambo chitaninso chimodzimodzi, pezani wokuyankhulirani, lembani katundu, pitani kwa DC.

Ndipo inu amene muli moyo, lembani wilo. Ndikudziwa timaopa, timati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa, mkazi akayambitsa nkhaniyi amafunsidwa kuti ukufuna kundipha eti. Nde yambitsani ndinu abambo, musadikire kuti mayi afunse. Aliyense wa zaka 18 kupita mtsogolo amene mutu wake ukuyenda bwino atha kulemba, m'Chichewa momwemu, sizilira loya ngakhale kuti loya amathandiza ngati katundu ndi wambiri. Lembani dzina lanu, tsiku, katundu yense, amene alandire chilichonse, ana onse ndi mayina awo, makolo anu muwaikemo, ndi munthu amene adzayendetse. Musaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi nthawi imodzi, nazonso zisaine inu mukuona, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene akulandira kanthu mu wiloyo. Kopi imodzi isungidwe kunja kwa nyumba yanu, kwa loya kapena kwa munthu wodalirika, ndipo akazi anu adziwe kumene ili. Fomu ya penshoni kuntchito kaioneninso, ambiri analemba mayina asanakwatire ndipo sanasinthe.

Kenako chitani chovuta chija, pitani kumudzi mukakhale pansi ndi amayi anu ndi achimwene anu mukadali wamphamvu, muwauze ndi pakamwa panu kuti nyumba ija ndi ya ana ndi mayi awo, inu amayi gawo lanu ndi ili. Adzakhumudwa mwina, adzati mkazi wakudyetsa, koma akhumudwire inu amene mungathe kuwayankha, osati munthu amene adzakhale pamphasa duku lili kumaso. Mukapita tengani malume kapena nkhoswe akamve nawo, ndipo mukabwerako lembani tsikulo mu kope.